Timibulu

Ufa suyenda wokha.
Anandiuza choncho a Alufandika tsiku loyamba,
nditavala mkanjo woyera wondikulira m'mapewa,
tsitsi m'kachipewa, mphuno m'kansalu.
Anatapa supuni imodzi nathira mu fanulo.
Ufa unaima pakhosi n'kukana kutsika
ngati mbuzi yokokedwa pa mlatho wa Zambezi.

Kunja Tete akuphika anthu ali moyo.
Malole a malasha ochokera ku Moatize akudutsa,
fumbi lawo lakuda likukanda zenera lomata.
Muno fumbi ndi loyera, ndipo limakwera sikelo,
limalembedwa m'buku,
timalisainira anthu awiri.

Ufa uli ndi tsankho.
Usakanize m'mawa, ugwedeze masana,
wolemera watsikira pansi, wopepuka wakwera,
mankhwala kwaokha, chodzazira kwachokha.
Piritsi lina lingatuluke lolusa,
linzake choko chabe,
ndipo womeza sangadziwe lomwe lamugwera.

Ndiye timaumanga.
Phala lopyapyala la sitachi, lofunda ngati mpweya wa mwana,
dontho, dontho, mipeni ya makina ikuzungulira.
Palibe wotchi yodziwa nthawi yolekera.
A Alufandika amazimitsa makina, amatapa ndi dzanja,
amafumbata.
Akafumbatula, chibumacho chiime chokha,
chisunge mizere ya zala,
koma akachikhudza ndi chala chachikulu
chigumuke mwaulemu, osamata.
"Pamenepo, Delifina. Osapitirira."

Kenako sefa.
Timakankha chonyowacho pa mawaya,
chimagwa mbali inayo ngati misere,
kambulu kalikonse katanyamula gawo lake la mankhwala.
Timayala pa mathireyi, timatsekera mu uvuni.
Magetsi akathima timangoyang'anana,
mawaya a ku Cahora Bassa akung'ung'udza pamwamba pathu
paulendo wawo wokawalitsa kwina.

Lachitatu lija ndinali ndi changu.
Bambo anali pa mzere kuchipatala,
chifuwa chawo chikulira ngati chitseko cha malata,
ndipo chapa ya ku Matundo sidikira munthu.
Ndinathira phala lonse kamodzi.
Sindinafumbate.

Timibulu tinauma ngati miyala ya m'Revubwe.
Makina osindikiza anatikonda,
tha, tha, tha, mapiritsi osalala, onyezimira,
okongola kuposa onse amene ndinapangapo.
A Alufandika anatola asanu ndi limodzi
nawaponya m'madzi ofunda ngati a m'mimba.
Mphindi khumi ndi zisanu.
Makumi atatu.
Mapiritsi anga ali phee pansi pa galasi,
athunthu, odzikuza,
okonzeka kudutsa m'thupi la wodwala
ngati mlendo wosapereka moni.

Sanandikalipire.
Anatsegula buku, nalemba mzere wofiira
pa makilo khumi ndi awiri,
nandipatsa cholembera kuti ndisaine pambali pawo.
Ndikanakonda mbama.

Bambo anakumba malasha zaka khumi ndi zinayi.
Tsopano m'mawa uliwonse, dzuwa lisanalume,
amakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa msawu,
kapu ya madzi pabondo,
mapiritsi anayi m'dzanja limene mizere yake sidzayeranso.
Si athu amenewo.
Anawoloka nyanja m'katoni, zilembo zake sindiziwerenga.

Tsiku lina limodzi linagwa pa simenti n'kusweka pakati.
Ndinalitola, ndinaliyandikiza ku diso.
Pa bala lake ndinationa, timibulu,
tothithikana, tosiyana pang'ono kukula,
monga timatulukira pa sefa yathu.
Ndiye kuti kwinakwake kuli munthu
wa kansalu kumphuno ngati ine,
amene mwina nayenso anali ndi basi yoti akwere,
koma anazimitsa makina,
natapa,
nafumbata.

"Bweretsa kuno," anatero bambo, "ndi lowerengedwa limenelo."
Anameza zidutswa zonse ziwiri,
nanyambita ufa umene unatsalira pa chala.

Ine ndinatsuka kapu, n'kuthamangira chapa.
Lero tili ndi makilo makumi awiri,
ndipo phala ndiphika ndine.