Womata Maina pa Biwi

Ntchito yanga ndi zilembo.
Za pa bolodi ndinazisiya ku Sitandade seveni,
ndikunena izi zonyezimira za kumbuyo kwa galimoto
zomwe ndimasunga m'chitini cha mkaka
pansi pa benchi, pano pa Biwi,
pakati pa wowotcherera ndi mayi wa zigege.

Saluni ikafika kuchokera ku doko
itamwa fumbi la Songwe, Karonga, Jenda,
imabwera ndi dzina lake kale.
Ina ndi yawamba: mipando ya nsalu, mawilo achitsulo akuda.
Inzake, injini imodzimodzi,
aiveka chikopa, kathabwa kowala pa dashibodi,
nkuilemba Limitedi, Delakisi, Ekizeketivu,
mtengo nkulumpha ndi mamiliyoni.
Ana a mimba imodzi,
wina wakulira ku Eliya Teni, wina kwa Mgona.

Lachiwiri kunabwera a Kalilangwe.
Zaka makumi atatu akusenza mafayilo ku Kapitolo,
penshoni inangokwana yawamba.
Anayamba aima patali
ngati wofuna mankhwala a nthenda ya manyazi,
kenaka chapansipansi:
"Mphwanga, Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wanga,
akuchimuna ndi opeza bwino.
Ulibe kadzina kolemererako?"

Ndinakhuthulira chitini pa katoni.
Anasankha mosafulumira, chala chikunjenjemera,
ngati akutcha mdzukulu woyamba.
Ndinapukuta buti ndi sipiriti, ndinayeza ndi ulusi,
kaguluu, nkukanikiza ndi chala chachikulu.
Mphindi khumi, galimoto yakwezedwa pa ntchito.
Eni ake sanakwezedwepo chiyambire.
Analipira osanenerera
napita chigongono chili pa windo.

Mipando inali ya nsalu yomwe ija,
ndipo pa mzere wa petulo dzina silidumphitsa munthu.
Koma mlonda wa pa geti, anandiuza okha,
anawachitira sawatcha
nawalozera pamthunzi, pomwe paima za mabwana.
Lolemba anabweranso, chilembo chimodzi chitatsala
m'maenje a msewu wa ku Kawale.
Chimenecho ndinamata ulere.

Musandiyese wakuba.
Zilembozi ndimagula ku sikirapu,
kuzitomola pa galimoto zomwe zinagona chagada
pa Nathenje, pa Lumbadzi, pa mlatho wa Linthipe.
Ndinaionapo Pulemiyamu itapindika ngati lata,
chikopa chake chitanyowa zomwe sinditchula.
Lotuluka lopanda bala linali dzina lokha.
Ndinalitsuka ndi sopo, lili pa buti ya munthu wina,
likuyenda bwinobwino ku Namiwawa kapena ku Mzuzu.

Mwezi watha mwana wanga Mwayiwawo
anasankhidwa ku sekondale yogonera konko.
Sutikesi ndinagula ya kaunjika, zipi yake yovuta.
Usiku ku Chinsapo, magetsi atazima,
ndinayatsa tochi ya foni nkukhuthula chitini pa mkeka.
Ma X mbwee, ma L, ma G, ma V,
zilembo za anthu osatidziwa.
A ndinapeza awiri, Y mmodzi wokalika, I ndi O.
W panalibe, ndipo dzinalo likufuna atatu.
Mayi ake anati, "Ingolembani ndi choko, tigone."

Ndinatenga ma M a Limitedi ndi Pulemiyamu,
ndinawazondotsa, miyendo m'mwamba.
Anakana pang'ono, mmodzi anapendekeka,
koma guluu wanga sakambirana ndi chilembo.

M'mawa ku depoti, kondakitala akukweza katundu
anaiyang'ana sutikesi ija ikuphethira padzuwa,
nawerenga pang'onopang'ono, nafunsa moseka,
"Bwana, imeneyi ndiye modelo yanji?"

Ndinati yatuluka imodzi yokha.
Mwanayo anandikoka malaya kuti ndisiye,
anzake anali akuyang'ana.