Katundu wa Otiliya

Chikwama chinkalemera kuposa mwini wake.
Ndinachisenza pa Likhubula kusanache bwino,
iye pambuyo, akuwerama pamwala uliwonse ngati wataya singano,
ine patsogolo, patapata wanga womanga ndi waya akuti phwa, phwa.

Anati ndi Otiliya, kwawo ku Gwatemala.
Ndinati ndine Khoviwa, kwathu ndi uko kukufuka utsiko.
Chizungu chathu tonse chinali chothyokathyoka,
choncho tinamvana bwino.

Pa Chambe chiperoni chinatitsekera m'nyumba masiku awiri.
Usiku wachiwiri anasolola chithunzi m'kabuku,
chofiirira ngati tiyi wogonetsa:
mnyamata woonda, kabudula wofika m'mawondo,
nambala yosokedwa mokhota pachifuwa.

Agogo a bambo anga awa, anatero.
Ankasoka nsapato. Anatseka okala yawo milungu itatu
napita ku Mekisiko, chaka cha 1926,
masewera athu aja akungobadwa kumene.
Mayiko atatu okha ndiwo anabwera:
eni mudzi, a ku Kyuba, ndi ife.
Panali othamanga, osambira, ochita za malupanga,
ndi owombera chandamale.

Ndinafunsa ngati anapambana.
Anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi wa nkhuni zaziwisi.
Anafika omaliza, anatero,
anthu atayamba kale kuyang'ana kwina.
Koma Mkyuba wina, powapitirira, anawanena za miyendo yawo ya adokowe,
ndipo iwo anamva liwu lililonse,
nabwezera pomwepo, wefuwefu ali mkati.
Madzulo anamwera botolo limodzi.
Mpaka kumanda ankakamba za chipongwe chija
monga ena amakambira za mendulo.

Kenako anawerenga pazala:
Bogota, 1938, ena ayamba awo.
La Pazi, 1978, mzinda wokwera kuposa Sapitwa wanuyu,
kumene mpweya umachita kupemphetsa.
Atafika pachala chachitatu anaima.
Chisipanishicho, anati, sichinamere kwathu.
Chinabwera pa zombo, mfuti zili m'manja.
Amayi a mnyamata uyu ankapemphera m'chinenero china,
chimene ine sindichidziwa.

Moto unazilala. Sindinayankhe.
Ndinkaganiza za Alufazema, msuweni wanga wa ku Milanje,
kutsidya kwa Muloza,
amene amawerenga ndalama m'Chipwitikizi
ine ndikuwerenga m'Chizungu,
koma tikakangana za mbuzi ya malemu malume
timakangana m'Chilomwe, osapunthwa.
Iye amati ndi waliwiro. Ine ndathamanga kasanu mpikisano wa onyamula katundu,
kukwera phiri lino ndi kutsika, chala chakuphazi chitang'ambika.
Sitinayesanepo.
Ndinaganizanso za a ku Chipata, a ku Tete,
amene angamve nditawanena miyendo,
ndipo palibe anatiitanapo pabwalo limodzi chifukwa cha zimenezo.

M'mawa kunayera. Tinatsika.
Pa Likhubula anandilipira, nandipatsanso nsapato zake zothamangira,
zondithina pang'ono kuchidendene.
Chithunzi anabwezera m'kabuku, patsamba lomwe lija.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Muloza.
Ndinamupeza Alufazema akumangirira matumba a chinangwa panjinga.
Ndinati: kuchokera pamlatho mpaka pamtengo wa mango uwo.
Mayiko awiri, othamanga awiri.
Mayi wogulitsa nanazi anavomera kukhala woweruza,
msilikali wa pachipata anatiyang'ana ngati amisala.

Sindinena amene anapambana.
Nsapato zinandipweteka, ndipo fumbi linali lambiri.
Koma zimene anandiuza pondipitirira
ndinazimva zonse,
ndipo agogo athu akanamukoka khutu.