Kutola Chithunzi

Pa Chirunga, tsiku la magauni,
ojambula tinandanda m'mbali mwa msewu,
aliyense ndi nsalu yake yabuluu yotchinga kumbuyo
kuti munthu aoneke yekha, dziko lisalowerere.
Yanga inauluka ndi mphepo yotsika m'phiri.
Ndinajambulabe. Ndalama sidikira.

Nditakatsuka madzulo kuseri kwa depoti,
mwini digiri, Tiyese Likoswe,
anatuluka mbuu ngati nkhungu ya ku Chawe,
koma kuseri kwa phewa lake
mayi wosenza mtolo wa paini wotalika kuposa iye
anaoneka bwinobwino,
mpaka thukuta pansidze,
mpaka kawaya komangira patapata woduka.

Bambo a mnyamatayo anandiponyera chithunzicho:
Fizi ya zaka zinayi
kuti mutijambulire wankhuni?
Sindinayankhe. Ndinachitola pansi.

Apo m'pamene ndinawamva Che Ajasi,
patatha zaka zisanu chiwaikireni m'manda ku Chinamwali.
Ankati akupukuta galasi ndi nsonga ya malaya:
Chithunzi sitipanga, mwanawe, timatola.
Chotola chimakhala pansi,
pomwe anthu aponda n'kupita.
Werama.
Ine ndinkayesa ndi ukalamba.

Tsopano ndimawerama.
Mvula ikakata, chithaphwi cha pakhomo la msika
chimanyamula phiri lonse chadodolido;
minibasi ikachiponda, phiri limasweka,
kenako limadzisonkhanitsa lokha, osadandaula.
Akaidi akamatchetcha udzu kufupi ndi ndende
ndimajambula zithunzithunzi zawo pa tala,
poti chithunzithunzi sichivala yunifolomu.
Tsiku lina ndinagona chafufumimba ku Mulunguzi
kudikira nkhono ituluke.
Akuti kuona maso ake n'kudekha;
sananene kuti nayonso imakuyang'ana
ndi kukuyesa ngati ndiwe woyenera.

Kamera ili ndi mipeni inayi,
kumwamba, kunsi, uku ndi uku.
Ndikati khethe, wina ndamusunga,
ena onse ndawadula osapepesa.
Usiku ku Matawale, magetsi akazima,
odulidwawo ndi amene amabwera:
chigongono cha wogulitsa mapichesi,
theka la njinga,
mwana amene anachedwa kulowa pamzere.

Mayi uja ndinamufunafuna miyezi isanu ndi iwiri.
Ndinam'peza pamlatho wa Likangala atatula mtolo,
dzina lake Abiti Mdoka.
Anapukuta manja pachitenje asanachigwire,
anachiyandikiza, anachitalikitsa,
anachipendeketsa kudzuwa.
Ndinkadikira anene za nkhope yake,
kapena andilipiritse, monga kunali koyenera.

Chala chake chinadutsa pa iye mwini osaima,
chinakagwa pa nkhungu yovala gauni ija.
Mwana wa yani ameneyu?
Anakhoza eti?
Nanga bwanji simunamuonetse bwino,
mayi ake akamuone?