Misomali ya Pansi pa Bondo

Zaka makumi awiri ndakhala ndikukhoma madenga ku Santhe,
misomali itatu kukamwa, hamala m'lamba.
Lachiwiri lija phaso la bulugamu linali lofumbwa m'kati.
Linangoti thyo,
chigafa cha a Kaponda n'kundilavulira pansi,
mwendo wakumanzere utatsogola.

Pa Boma, Mayi Nyasulu anaimika ekisileyi pazenera.
"Apa," anatero, "pomwe bondo limakhalira msongolo,
pamayenera kusalala ngati thebulo.
Lanuli lang'ambika pawiri, ngodya imodzi yatitimira.
Chikhakha chokha sichingathe."
Ndinamvetsa. Ndakonzapo mathebulo otero.

Koma mwendo unatupa ngati mtsuko, matuza ali mbwee,
ndipo khungu lotere akuti silisokeka.
Anayamba abowola kuntchafu ndi kumunsi,
nsichi zachitsulo zotulukira kunja, mtanda wozigwirizitsa.
Masiku khumi ndi awiri ndinagona ndi mpanda pamwendo.
Mwatitha, mwana wanga, ankayanikapo kathaulo
anesi akatembenuka.

Lachinayi kunabwera dokotala wa mafupa wochokera ku Lilongwe,
wamng'ono kwa ine, zikhatho zopanda chikanga.
Anandibaya pamsana, miyendo n'kupita kokayenda.
Kuseri kwa nsalu yobiriwira ndinamva mawu owadziwa:
chobowolera chikulira,
kenaka kusintha liwu chikapyoza mbali inayo.
Anatukula ngodya yotitimira ija,
pansi pake n'kutsenderapo tizidutswa ta fupa la m'chiuno mwanga,
monga ndimachirikizira benchi yotsimphina ndi zotsala zake zomwe.
Puleti yachitsulo m'mbali. Masikuluwu asanu ndi awiri.
Ndinawerenga.
Lachisanu linakakamira,
ndinatsala pang'ono kunena kuti mnyamata, bweza kaye, usaliumirize.
Anabweza yekha.

Miyezi itatu osaponda, anatero,
koma bondo lizipindidwa tsiku ndi tsiku, lingaume ngati hinjesi ya dzimbiri.
Ndimalipinda m'mawa pakhonde, mano ali gwa,
chala chikuyenda pachipsera, kufunafuna mitu ya masikuluwu.
Ndimaipeza iwiri.
Mphepo ya Juni ikamabwera imayamba yauza chitsulocho,
ine ndimamva pambuyo.

Chigafa chija anamaliza ndi Dzoole, wophunzira wanga.
Ndikuchiona pano, kupyola mundawo:
mtanda wapakati wapendekera kuzambwe, pang'ono chabe.
A Kaponda sanaone. Fodya walowamo kale.
Ndalama yanga yotsala akuti tidikire msika.

Ine ndakhala, ndodo ziwiri pambali,
ndanyamula ntchito ya mmisiri wina m'thupi mwanga,
ndipo ndafufuza paliponse,
sindikupezapo pogwedera.