Msoko wa thumba la Zelifa

Lachitatu m'mawa, pa Kamwendo,
fumbi la soya lisanatitsamwitse,
Zelifa Gwaza anatsitsa matumba ake m'ngolo.
Sikelo inati makilo 412.
Ndinalemba 412 m'kompyuta ya kopaletivi,
iye akusuzumira paphewa langa,
milomo ikutsata nambala imodziimodzi.
Sukulu anailekera Sitandade 3,
koma masamu a thukuta lake sanawaiwale.

Lachisanu, pamzere womwewo,
ndinapeza 312.

Palibe anathyola chitseko.
Loko ali chikhalire,
kompyuta pamalo pake, yofunditsidwa kansalu kake.
Wapolisi akanabwera akanalemba chiyani?
Sichinasowe chinthu choti munthu n'kusenza.
4 yekha anagona, nadzuka ali 3.
Ndimo adyera nankafumbwe:
thumba limaimabe chilili,
mkati muli fumbi.

Mnyamata amene anadzatiphunzitsa makinawa
anali ndi liwu lake lalitali la Chingerezi.
Ine ndinatolapo izi:
chimene walemba lero
chikafike mawa osakhudzidwa panjira.
Ndinkayesa chitetezo ndi kubisa basi.
Koma makilo a Zelifa si chinsinsi;
mzere wonse unamva, mpaka wogulitsa zitumbuwa panja.
Aliyense awone, palibe kanthu.
Asasinthe.

Dzuwa likamalowa makinawa amasoka tsiku,
monga Lingisoni asokera thumba pakamwa.
Msokowo ndi chingwe cha malembo ndi manambala
chimene chimapita pafoni ya msungichuma.
Ukasuntha kadontho kamodzi m'kaundula,
chingwe chonse chimasanduka china.
Tinayika foni pambali pa kompyuta,
ine ndi Mayi Kathewera, magalasi ali pamphuno.
Msoko wa Lachitatu unayamba ndi 7c.
Uwu unayamba ndi e0.
Wina anamasula thumba, nasokanso bwinobwino,
osadziwa kuti singano imasiya mabowo.

Kenako tinatsegula buku la mapazi,
lija limalemba yense wolowa ndi nthawi yake.
Lachinayi, 9:47 usiku.
Dzina: langa.

Lachinayi ndinali kumaliro ku Mkanda,
ndikuimba ndi amayi a mvano mpaka tambala.
Koma pasiwedi yanga sinapite kumaliro.
Inatsala kuseri kwa kalendala,
yolembedwa ndi bolopeni wofiira,
pomwe aliyense wosesa, wosoka, wodzafunsa mtengo
akanatha kuyivundukula ndi chala.
Manja sanali anga.
Khomo ndinasiya ndine.

Mayi Kathewera atatuluka kukayankha foni,
ndinatsala ndekha ndi 3 uja.
Chala changa chinaima pamwamba pa batani.
Kufufuta, kubwezera 4,
ndani akanadziwa?
Nambala ikanakhala yoona,
koma kaundula akananama kawiri:
kuti sanakhudzidwepo,
ndi kuti ine ndilibe mlandu.

Ndinachotsa chala.
Pansi pake ndinatsegula mzere watsopano:
nambala iyi inasinthidwa tsiku lakuti, ola lakuti,
kudzera pa dzina la Msatida Kabwazi;
yoona ndi 412; mboni ndi msoko wa Lachitatu.
3 ndinamusiya pomwepo, chipsera,
kuti wodzakhala pampandowu ine nditachoka
adzaone pamene tinapsa.

Amene anachita sitinamupezebe.
Mwina timapatsana moni m'mawa uliwonse.
Kalendala ndinaing'amba,
ndipo pasiwedi yatsopano ndimagona nayo m'mutu,
yaitali, yosakoma kuitchula.

Lolemba Zelifa anabwera kudzalandira zake.
Anamasula mfundo ya chitenje,
natulutsa lisiti lopindidwa kanayi
m'kapulasitiki ka shuga,
naliyala pa tebulo, nalisita ndi chikhatho.
Anayang'ana pepala, nayang'ana galasi la kompyuta,
milomo ikuyendanso: folo, wani, thu.
Anaona ndi 3 uja, ndi mzere wa pansi pake.
Nanga ichi?
Ndinamuuza zonse, osadumpha kalendala.
Anakhala chete kanthawi,
nawerenga ndalama zake kawiri,
nati soya wotsala abwera naye Lachitatu.