Dzanja la Telala

Lachiwiri lililonse timakwera minibasi ku Rosettenville,
ine ndi malume anga a Lifeyo,
ulendo wa kuchipatala cha pamtunda ku Parktown
kumene dzanja lawo lamanja lili ndi nambala yakeyake.

Dzanja limeneli lasoka masuti aukwati
zaka makumi awiri muno m'Joni.
Lero likangokhala pabondo
limapota ulusi woti palibe.

"Jambulani mzere wozungulira, ngati chigoba cha nkhono,"
akutero Dokotala Sithebe.
Nkhono ya malume yatuluka ndi mano a sowo.
Ayeza. Alemba.

Pakanema atisonyeza ubongo.
Apa, mkatikati, akuloza ndi cholembera,
pali kadera kakuda, kochepa ngati nyemba,
kotulutsa dopamini, mafuta a makina a thupi.
Kakufwifwa.
Chifukwa chake n'chimene tikufufuza.

"Ndiye wolakwa si dzanja?"
Ayi, bambo.
"Ha! Zaka zitatu ndikulikalipira
pa mlandu wa bwana wake."

M'khonde mapazi akana kunyamuka,
aponda ulimbo wosaoneka.
Namwino amata timizere ta tepi patsogolo pawo,
malume n'kuwoloka, kamodzikamodzi,
ngati miyala ya pamtsinje.
Akuti msewu waukulu ukatsekeka
ubongo umadzera njira yachidule, ya m'maso.

Madzulo, magetsi atathima,
akhala pamakina awo opalasa aja.
Phazi lakumbukira kayendedwe kake.
Dzanja lagwira nsalu,
phee,
mpaka kumapeto kwa mpendero.
Kenako layambiranso.

Ndalemba m'kabuku ka adokotala:
mphindi zinayi.
Malume akuti ndilembe zisanu.