Funso Lomaliza

Ndinakwawa pansi pa ukonde, mchenga m'kamwa,
ndinawoloka thabwa loterera, ndowa pamutu,
pomwe Twaibu anagwera m'matope kawiri.
Anthu a kanema anali atadzaza bwalo la ku Linga,
sukulu yonse ikukuwa dzina langa.

Kenaka mkulu wa malaya ofiira, chimkuzamawu kukamwa:
"Mwanaisha, za kuthetsa malonda a akapolo
anakambirana pansi pa mtengo wanji?"

Mutu unangoima.
Mawondo njenjenje. Belu ngerengere.

Mkuyu!
Womwe uja amayi amagulitsira zitumbuwa pafupi pake,
womwe ndimabisalako pothawa kusesa.

Njinga anapita nayo Twaibu, ali matope okhaokha.

Pobwerera ndinaugenda kamwala.
Unandigwetsera nkhuyu imodzi,
nayonso yanyerere.